Za M'mene Asing'anga Anaphunzirira Kufunsa Magazi

Mwa ntchito zonse zimene zimagwiridwa m'nyumba za chipatala masiku ano, palibe ina imene anthu aizolowera msanga ndi kuiyesa chinthu wamba monga ntchito ya munthu uja amakhala m'kachipinda ka labotale, amene amagwira chala cha wodwala, nachibaya pang'ono, nadonthetsera magazi pa kapepala, kenaka n'kunena mawu amene angathe kutembenuza moyo wonse wa mwini chalacho; komatu ntchito imeneyi ndi ya dzulodzuloli, ndipo pa nkhani ya nthenda ya chiwindi yotchedwa hepatitis B, alipo agogo ambiri pakati pathu amene anabadwa, nakula, nalowa m'banja iyo isanayambe. Asanafike masiku ake, sing'anga aliyense, kaya wa mizu ndi makungwa kumudzi kwathu kuno, kaya wa malaya oyera ku London ndi ku Berlin, analibe mboni ina koma maso ake ndi manja ake. Ankatsegula chikope cha wodwala naona kuti diso lachita chikasu. Ankafunsa za mkodzo namva kuti wada. Ankapapasa pansi pa nthiti za kudzanja lamanja napeza chiwindi chili chotupa. Ndipo nzeru zake zinkathera pomwepo.

Tsono chikasu si nthenda imodzi ayi. Ndi chizindikiro chabe chakuti ndulu yasefukira m'magazi, ndipo ndulu ingathe kutero chifukwa cha malungo, chifukwa cha mwala wotseka njira yake, chifukwa cha kachasu, kapena chifukwa cha tizirombo tosiyanasiyana tosaoneka ndi maso. Choposa apo, ndipo apa ndi pamene pagona mbiri yonse imene ndifuna kulongosola, ochuluka a iwo amene ali ndi kachirombo ka hepatitis B alibe chikasu n'komwe: amalima, amakwatira, amabala ana, amaimba m'kwaya ya mpingo, uku kachiromboko kakudya chiwindi mwakachetechete kwa zaka makumi awiri kapena atatu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Otere, diso la sing'anga likanawaona bwanji?

Munthu woyamba kuonetsa poyera kuti chikasu china chimayenda ndi zamadzi za m'thupi la munthu analibe chida china koma buku la maina ndi mtima wodekha. M'chaka cha 1883 nthomba inabuka mu mzinda wa Bremen ku Germany, ndipo pa malo ena opangira zombo, poopa kuti mliri ungathe antchito, kunalamulidwa kuti onse atemeredwe. Katemera wa masiku amenewo ankatengedwa kawirikawiri ku matuza a pa mkono wa munthu wotemeredwa kale, kotero kuti timadzi ta m'thupi la mmodzi tinkalowa m'matupi a ambiri. Anatemeredwa anthu 1,289. Patapita masabata, ndipo kwa ena miyezi kufikira isanu ndi itatu, anthu 191 mwa iwo anadwala chikasu. Dotolo wina dzina lake Lürman sanathamangire kunamizira mpweya woipa wa padoko kapena chakudya chovunda, monga unalili mwambo wa madotolo a nthawiyo. Iye anatsata maina limodzilimodzi, nasiyanitsa amene analandira katemera uyu ndi amene analandira wina, napeza kuti nthendayo inatsata katemera yekhayo, ndi kuti otemeredwa ndi katemera wochokera kwina anatsala ali bwino. Analemba zimenezi m'chaka cha 1885. Kachirombo sanakaone, ndipo sakadatha kukaona, pakuti makina okaonera anali asanabadwe. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine ndiyesa kuti woyeza magazi aliyense wa lero ali ndi mangawa kwa mlembi wodekha ameneyu.

Phunziro lake linaiwalika, monga amaiwalikira maphunziro ambiri amene amadza nthawi yawo isanakwane. Pamene mankhwala a chindoko obaya mu mtsempha anafala kuyambira m'chaka cha 1910, ndipo jakisoni mmodzi ankabaya mzere wonse wa odwala wosaphitsidwa mokwanira, chikasu chinatsata zipatalazo, koma madotolo ambiri anaimba mlandu mankhwalawo, osati singano. Tsoka lalikulu linadza m'chaka cha 1942, nkhondo yachiwiri ili mkati, pamene asilikali a dziko la America anabayidwa katemera wa yellow fever amene, pofuna kuti asaonongeke, anasakanizidwa ndi madzi a magazi a anthu ooneka athanzi. Asilikali pafupifupi 50,000 anagona ndi chikasu. Panalibe njira yotsimikizira chimene chinawagwira; koma mlandu suola, ndipo m'chaka cha 1987, patapita zaka 45, ofufuza anayeza magazi a asilikali akale amene anali akali moyo, napezamo mapazi a hepatitis B, nawerengera kuti amene anatenga kachiromboko pa katemera uja anali pafupifupi 330,000. M'chaka cha 1947 dotolo wa ku Britain, F. O. MacCallum, anagawa nthendayo pawiri: yolowera pakamwa ndi madzi kapena chakudya chodetsedwa anaitcha A, yolowera m'magazi anaitcha B. Maina anapezeka, koma mwini dzina anali asanaoneke.

M'zaka zomwezo, kumwera kwa Africa kuno kunkachitika chinthu chimene palibe anachilumikiza ndi chikasu cha asilikali a ku America. Ku migodi ya golide ya ku Johannesburg, kumene Wenela ankatengerako amuna a ku Mozambique ndi a ku Nyasaland kuno, madotolo a pa mgodi ankadabwa kuona anyamata a zaka makumi awiri kapena atatu, osankhidwa chifukwa cha mphamvu zawo, akuonda mwadzidzidzi, mimba ikutupa, chiwindi chikulimba, ndi kumwalira m'miyezi yowerengeka ndi khansa imene ku Ulaya inali yosowa, ndiponso ya okalamba. Dotolo Charles Berman, amene anagwira ntchito pa migodiyo zaka zambiri, anatulutsa buku la khansa imeneyi m'chaka cha 1951, naonetsa kuti inali yochuluka koposa mwa amuna ochokera ku Mozambique. Ndipo kaundula wa khansa wa ku Lourenço Marques, mzinda umene lero ndi Maputo, anatsimikiza pambuyo pake kuti malo ochepa pa dziko lapansi ankapikisana ndi dera limenelo pa nthendayi. Ena anati ndi kuperewera kwa zakudya, ena anati ndi mowa. Chiphe cha chuku chimene chimamera pa mtedza ndi chimanga chosungidwa ponyowa chitadziwika kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1960, ambiri anati chogwira ndi chimenecho, ndipo sananame, pakuti chuku chili ndi mbali yake. Koma mnzake wa chuku pa chiwembucho anali asanagwidwe. Sikovuta kuganiza zimene zinkanenedwa kumudzi pamene mwamuna wabwera ku Joni ndi sutikesi, njinga ndi mimba yotupa, ndi kuti ndani ankalozedwa chala.

Amene anatsegula chitseko sanatuluke m'nyumba kukasaka nthenda ya chiwindi. Baruch Blumberg, wobadwira ku New York pa 28 July 1925, ali wophunzira za udotolo anakagwira ntchito kanthawi pa chipatala cha pa mgodi ku Moengo, m'dziko la Suriname, kumene anaona chinthu chimene chinamkhala pamtima masiku onse a moyo wake: anthu a mitundu yosiyana, okhala malo amodzi ndi kulumidwa ndi udzudzu womwewo, sankadwala mofanana nthenda ija yotupitsa miyendo imene imadza ndi tinyongolotsi ta m'thupi. Funso lake linali lakuti, n'chifukwa ninji nthenda igwira uyu nisiya uyo? Poyesa kuti yankho lili mu zimene munthu amatengera kwa makolo ake, anayamba kusonkhanitsa magazi a mitundu ya anthu, ku Nigeria, ku Alaska, ku zilumba za m'nyanja ya Pacific ndi kwina kotero, ena kukatenga yekha, ena kutumiziridwa ndi anzake, nawasunga oumitsidwa m'mafiriji, botolo lililonse ndi chizindikiro chake.

Nzeru imene anaigwiritsa ntchito iyenera kulongosoledwa pang'ono, pakuti ndiyo kholo la kuyeza konse kumene kunatsata. Alipo anthu ena amene magazi awo sagwirana akavulala, ndipo pa chifukwa chimenechi amathiridwa magazi a anthu ena kambirimbiri; thupi la munthu wotere, pokumana ndi zachilendo zochuluka chotero, limadzipangira asilikali olimbana ndi chilichonse chimene silinabadwe nacho. Blumberg anaganiza kuti asilikali amenewa angamuululire kusiyana kobisika kwa magazi a anthu. Ankayala pa kagalasi phala loonekera mkati lotchedwa agar, naboola timaenje. M'kadzenje kapakati ankaikamo madzi a magazi a wothiridwa kawirikawiri uja, m'timaenje tozungulira naikamo a anthu ena. Ndipo madziwo ankayenda pang'onopang'ono m'phalamo usiku wonse, kotero kuti pamene msilikali wakumana ndi mdani wake pankatuluka kamzere koyera kooneka ndi maso. Cha m'ma 1963, ku National Institutes of Health ku Bethesda, iye ndi dotolo wachinyamata Harvey Alter anaona kamzere kachilendo pakati pa magazi a wodwala wina wa ku America ndi a munthu wa mtundu wa eni nthaka a ku Australia, ndipo chinthu chosadziwikacho anachitcha Australia antigen. Atafufuza m'mafiriji awo anapeza kuti chinali chosowa mwa anthu athanzi a ku America, pafupifupi mmodzi pa anthu 1,000, koma chochuluka ku Asia ndi ku Africa, ndiponso mwa odwala khansa ya m'magazi. Ndipo pamene analemba za icho m'chaka cha 1965, malingaliro awo anali pa khansa imeneyo.

Anasokera, inde, koma sanasiye kuyeza. Blumberg atasamukira ku Institute for Cancer Research ku Philadelphia, anzake a ntchito ankayeza mobwerezabwereza magazi a ana obadwa ndi chilema cha Down okhala m'nyumba zazikulu zosungiramo ana otere, pokhulupirira kuti chimene munthu wabadwa nacho sichisintha: wokhala nacho adzakhala nacho, wopanda adzakhala wopanda. Koma m'chaka cha 1966 mnyamata wina amene poyamba analibe anapezeka ali nacho. Anamgoneka m'chipatala, nayeza chiwindi chake, napeza kuti chatupa. Chaka chotsatira mayi wina wogwira ntchito m'labotale momwemo, amene manja ake ankagwira magaziwo tsiku ndi tsiku, atamva kufooka ndi kuona mkodzo wake ukuda, anatenga magazi ake iye mwini, nawaika m'kadzenje ka pa galasi, ndipo m'mawa mwake kamzere kanaoneka. Iyeyo amakumbukiridwa monga munthu woyamba kupezeka ndi nthendayi pogwiritsa ntchito kuyeza kumeneku, ndipo anachira.

Mutu umodzi susenza denga. M'chaka cha 1968 Alfred Prince wa ku New York Blood Center anaonetsa kuti chinthucho chimatuluka m'magazi a munthu wothiridwa magazi chikasu chisanaoneke, ndi kuti n'cha nthenda ya B, osati ya A. Chaka chomwecho Kazuo Okochi ku Tokyo anaonetsa kuti magazi okhala nacho amadwalitsa wowalandira. Ndipo m'chaka cha 1970 David Dane ku Middlesex Hospital ku London, poyang'ana ndi makina amphamvu okuzira zinthu, anaona kachirombo kathunthu. Pano sindingadutse osatchula chinthu chimene chimadetsa mbiri imeneyi. Ku sukulu ya boma ya Willowbrook ku New York, yosungiramo ana olumala ubongo, Saul Krugman ndi anzake anapatsira ana ena nthendayi dala kuti aone mayendedwe ake, ndipo m'chaka cha 1967 anatsimikiza mwa njira imeneyo kuti mitundu ya A ndi B ndi yosiyanadi. Anadziteteza ponena kuti anawo akadadwala ndithu chifukwa cha uve wa pamalopo, ndi kuti makolo anavomera. Ine sindiona kuti yankho limenelo limasula munthu. Pakuti wopeza ana akukhala mu uve ayenera kuchotsa uvewo, ndipo chivomerezo cha kholo losowa kwina kopititsa mwana wake n'chopepuka pa sikelo ya chilungamo.

Kodi chinali chiyani tsono chimene Blumberg anachiona? Kachirombo aka kakakhazikika m'chiwindi kamapanga chikopa chake mopitirira muyeso, kotero kuti pa kachirombo kamodzi kathunthu pamayandama m'magazi zikopa zikwizikwi zopanda kanthu mkati. Ndipo monga mlendo wodutsa pakhomo amadziwa kuti pakonoledwa chimanga poona gaga, ngakhale mphale yalowa kale m'nyumba, momwemonso woyeza magazi amadziwa kuti kachirombo kalimo poona zikopa zimenezi. Ndizo zimene lero zimalembedwa HBsAg pa pepala la zotsatira. Kuchuluka kwa zikopazo ndiko kunachititsa kuti chida chosalimba ngati kagalasi ka phala chithe kuziona, ndipo ndi zikopa zomwezo zimene, zitayeretsedwa, zinasanduka katemera woyamba, amene Maurice Hilleman anakonza ku kampani ya Merck ndipo analoledwa m'chaka cha 1981, kufikira m'chaka cha 1986 pamene anaphunzira kuzipanga ndi yisiti popanda kukhudza magazi a munthu.

Oyamba kulandira luso latsopanoli monga ntchito ya tsiku ndi tsiku anali osunga magazi othira odwala. Ku America masiku amenewo magazi ambiri ankagulidwa ndi ndalama, ndipo ogulitsa ake kawirikawiri anali amphawi, akaidi ndi odzibaya mankhwala ozunguza bongo, amene njala inkawaletsa kuulula matenda awo. Harvey Alter, atabwerera ku Bethesda, anawerenga kuti mwa odwala ochitidwa opaleshoni ya mtima, pafupifupi mmodzi mwa atatu ankadwala chiwindi pambuyo pothiridwa magazi. M'chaka cha 1970 chipatala chake chitaleka kugula magazi ndi kuyamba kuyeza botolo lililonse, chiwerengerocho chinatsikira pa mmodzi mwa khumi. Otsalawo anamvutitsa mutu zaka zambiri, ndipo kusakasaka kwake kunathandiza kuti hepatitis C idziwike m'chaka cha 1989. Koma imeneyo ndi nkhani ina. M'chaka cha 1972 boma la America linalamula kuti magazi onse othira anthu aziyezedwa, ndipo chaka chomwecho kampani ya Abbott inatulutsa njira yoyezera yakuthwa koposa kagalasi kaja. Pambuyo pake kunadza njira yosintha mtundu wa madzi m'timbale ta timaenje tambiri, imene makina amawerenga. Ndipo potsiriza kunadza kapepala kaja ka dontho limodzi, kosafuna magetsi kapena firiji, kamene kamayankha munthu asanadzuke pa benchi.

Koma kufunsa magazi si funso limodzi, ndipo apa ndi pamene mmisiri amasiyana ndi wongobaya zala. Kupezeka kwa HBsAg kumanena kuti kachirombo kalimo lero. Kukapezekanso patapita miyezi isanu ndi umodzi, ndiye kuti kakhazikika. Chizindikiro china chotchedwa HBeAg, chimene Magnius ndi Espmark anachipeza ku Sweden m'chaka cha 1972, chimanena kuti kachiromboko kakuswana kwambiri ndipo mwini wake angapatsire ena mosavuta. Asilikali olimbana ndi chikopa amaonetsa kuti munthu watetezeka, kaya ndi katemera kaya pochira. Asilikali olimbana ndi phata la kachirombo amaonetsa kuti anakumana nako ndithu nthawi ina. Pali kuyeza kowerenga kuchuluka kwa tizirombo m'dontho la magazi, kumene kumafuna makina okwera mtengo. Palinso kuyeza koona ngati chiwindi chikuvulala, ndipo pofuna kuthandiza maiko osauka, bungwe la WHO m'chaka cha 2015 linavomereza kawerengedwe kotchedwa APRI, kamene kamaphatikiza zotsatira ziwiri zopezeka ngakhale pa chipatala cha boma laling'ono kuti dotolo aone ngati chiwindi chayamba kuuma. Munthu wopezeka ndi kachirombo sikuti wamva chiweruzo cha imfa. Ambiri amangofunika kuonedwa nthawi ndi nthawi, ndipo amene chiwindi chawo chili pa ngozi ali ndi mankhwala.

Chida chitapezeka, dziko linadzidzimuka poona kukula kwa khamu lobisika. Ku Taiwan, Palmer Beasley ndi anzake anaonetsa m'chaka cha 1975 kuti mayi amapatsira mwana wake pa nthawi yobereka. Ndipo kuyambira chaka chomwecho anayeza amuna 22,707 ogwira ntchito m'boma, nawatsata zaka, nalengeza m'chaka cha 1981 kuti khansa ya chiwindi inkagwa pafupifupi yonse pa iwo amene anali ndi HBsAg, tsoka lawo likuposa la anzawo kuwirikiza ka 100 ndi kupitirira. Pamenepo chinsinsi cha anyamata a ku migodi aja chinamasuka: mnzake wa chuku anali kachirombo kamene anakatenga ali makanda. Pakuti msinkhu umene munthu watengera nthendayi ndiwo umaweruza za m'tsogolo mwake: wamkulu akaitenga, thupi lake limaigonjetsa kawirikawiri, ndipo osafika asanu pa 100 ndiwo amatsala nayo, koma khanda likaitenga pobadwa, pa makanda khumi, asanu ndi anayi amakhala nayo mpaka kalekale. Kuno ku Africa kunaoneka kuti ana ambiri amaitenga asanakwane zaka zisanu, kwa amayi awo kapena kwa ana anzawo, kudzera m'zilonda, m'lumo limodzi lotemera mphini kapena lometera abale onse, ndi m'singano zosaphitsa. Simafala pogwirana chanza kapena podyera mbale imodzi. Komabe ku China anthu opezeka nayo anakanizidwa ntchito ndi sukulu zaka zambiri, kufikira m'chaka cha 2010 pamene boma linaletsa kuyeza anthu nthendayi polemba ntchito ndi polembetsa sukulu. Chida chopangidwira kupulumutsa chingathenso kusala, chikagwa m'manja opanda chifundo.

Blumberg analandira mphoto ya Nobel m'chaka cha 1976, ndipo tsiku lake lobadwa ndilo dziko lonse limakumbukirapo matenda a chiwindi chaka ndi chaka. Taiwan inayamba kutemera makanda m'chaka cha 1984. Ku Gambia kafukufuku wamkulu wotemera ana anayamba m'chaka cha 1986. Ndipo m'chaka cha 1992 WHO inapempha maiko onse kuika katemerayu pa ndondomeko ya ana.

Kwathu ku Malawi katemerayu analowa m'chaka cha 2002, ataphatikizidwa ndi ena anayi mu jakisoni mmodzi amene mwana amalandira kusikelo pa masabata 6, 10 ndi 14. Amayi ambiri amene anapirira kulira kwa ana awo pa mizere ya kusikelo sanadziwe kuti akuwatchinjiriza ku khansa imene ikadawapeza pa zaka makumi anayi. M'chaka cha 2003 kunakhazikitsidwa Malawi Blood Transfusion Service, kuti magazi azichokera kwa opereka mwaufulu ndi kuyezedwa pamalo amodzi, pofufuza HIV, hepatitis B, hepatitis C ndi chindoko; pakuti kale wodwala akafuna magazi, achibale ake ndiwo ankaitanidwa usiku kudzatambasula mkono, ndipo kayezedwe kankadalira zimene chipatalacho chinali nazo tsiku limenelo. Zipatso za katemera zaoneka kale, ndipo waziona ndi woyeza magazi yemweyo: ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome atayeza anthu ku Ndirande mu mzinda wa Blantyre, anapeza kachiromboka mwa akuluakulu pafupifupi asanu pa 100, koma mwa ana obadwa katemera atayamba, pafupifupi atatu okha pa 1,000.

Pali chinthu china chimene mbiri yachita m'dziko lino, chimene wochilingalira sadziwa ngati aseke kapena alire. Mankhwala otchedwa tenofovir, amene analowa m'ma ARV athu kuyambira m'chaka cha 2011, amagwiranso hepatitis B mwamphamvu, monganso mnzake lamivudine. Chotero munthu wokhala ndi HIV pamodzi ndi hepatitis B wakhala akulandira chithandizo cha nthenda zonse ziwiri mu piritsi limodzi, kawirikawiri osadziwa n'komwe, pamene mbale wake wokhala ndi hepatitis B yokha, amene analibe chomufikitsa ku chipatala mwezi ndi mwezi, anatsala kunja kwa mpanda osayezedwa. Sindinena izi monyoza ntchito yaikulu imene inagwiridwa pa HIV, imene inapulumutsa mtundu. Ndinena kuti njira imene inalambulidwa ndi nthenda ija, ya kuyeza pa chala, ya uphungu, ya mankhwala osalekeza, ndi yomweyo imene nthenda iyi ikuifuna, ndipo palibe chifukwa chomveka chakuti mayi woyembekezera, amene amatambasula chala kusikelo kuti ayezedwe HIV ndi chindoko, abwerere kunyumba osadziwa za nthenda yachitatu imene angapatsire mwana wake pa tsiku lobadwa, chikhalirecho alipo mankhwala amene angamwe m'miyezi yotsiriza, ndiponso katemera amene WHO imalangiza kuti khanda lilandire pasanathe maola 24.

Monga mwa chiwerengero cha WHO, m'chaka cha 2022 anthu 254 miliyoni pa dziko lapansi anali ndi hepatitis B yokhazikika, ndipo mwa iwo 13 okha pa 100 ndiwo anali atayezedwa ndi kudziwa. Anamwalira nayo chaka chimenecho anaposa miliyoni imodzi. Kuchokera pa buku la maina la Lürman kufikira pa kamzere ka Blumberg panapita zaka pafupifupi 80, ndipo kuchokera pa kamzereko kufikira lero papita zaka zoposa 60. Luso lilipo, ndi lotsika mtengo, ndipo chotsala ndi chala cha munthu. Inu owerenga amene munabadwa chaka cha 2002 chisanafike, makamaka inu amayi oyembekezera, ndi inu amene m'banja mwanu munatuluka maliro a mimba yotupa ndi maso achikasu: pamene mudzapitanso kuchipatala, funsani adokotala kuti akuyezeni hepatitis B, ndipo mukapezeka nayo, tengani a pabanja panu nawonso akayezedwe.